Ndikufuna kudzakhala kazembe, ndiyambire pati?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 23, ndangomaliza digiri ya ndale ndi kayendetsedwe ka boma. Chiyambire kusekondale ndimalakalaka ntchito ya ukazembe, koma nthawi zina ndimaganiza zokhala wofufuza ndi kuphunzitsa za ubale wa mayiko ndi chitetezo. Anzanga akuti popanda chipani kapena wachibale ku Capital Hill ndikungotaya nthawi. Kodi n'zoona? Ndipitirize sukulu, kapena ndiyambe ndafuna ntchito?

Yankho: Achemwali, anzanuwo sakunama kwenikweni, kungoti iwo akunena za mpando umodzi, pomwe inu mukufunsa za ntchito ya moyo wonse.

Mpando wa kazembe wamkulu, uja galimoto yake imayenda ndi mbendera, ndi wa ndale. Amasankha ndi Pulezidenti, kenaka komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za osankhidwa m'maudindo a boma imamufunsa mafunso munthuyo isanamuvomereze. Boma lililonse limapereka ina mwa mipandoyi kwa anthu ake, ndipo boma likasintha ambiri amaitanidwa kubwerera kumudzi. Si kuno kokha. Ku America, kwa zaka zambiri, pafupifupi kazembe mmodzi mwa atatu aliwonse wakhala munthu wosankhidwa pa ndale, ena mwa iwo chifukwa anathira ndalama pa kampeni. Chimene chimawawa kwathu kuno n'chakuti kusankha kwa mtunduwu nthawi zina kumatsikira mpaka ku maudindo apansi m'maofesi athu a kunja, amene akanayenera kukhala a anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Zimenezi sindikubisirani.

Koma kazembe aliyense, kaya wachokera ku chipani kaya ku tchalitchi, akafika ku Pretoria kapena ku Brussels amafuna munthu wodziwa nkhani. Munthu ameneyo amalowa ku unduna wa zakunja ngati wogwira ntchito m'boma wamba, poyankha chidziwitso cha ntchito ndi kudutsa pa intavyu. Amayamba pa desiki ku Lilongwe, ndipo akatumizidwa kunja amakwera kuchoka pa Third Secretary, Second Secretary, First Secretary, Counsellor, mpaka ena kufika pa ukazembe umene. Njira imeneyi ndi yaitali, malipiro a kulikulu ndi a m'boma monga mukuwadziwira, ndipo mukhoza kudikira zaka musanatumizidwe kunja. Koma ndi njira yokhayo imene siitha chisankho chikadutsa.

Musanasankhe, dziwani kaye kuti ntchitoyi ndi yotani, chifukwa ambiri amaiona pa zithunzi za maphwando. Gawo lalikulu ndi kulemba. Nduna ikukakumana ndi mnzake wa dziko lina mawa m'mawa, inu mukuuzidwa madzulo ano kuti mukonze tsamba limodzi lofotokoza kuti munthuyo ndi ndani, akufuna chiyani kwa ife, ife tikufuna chiyani kwa iye, ndi mfundo ziti zimene nduna isavomere ngakhale atamunyengerera bwanji. Tsamba limodzi, chifukwa ndunayo ikawerengera m'galimoto. Pali makalata a pakati pa maboma, otchedwa note verbale, amene ali ndi kalembedwe kake kosasintha. Pali malipoti opita kulikulu. Pa misonkhano ya SADC kapena African Union, atsogoleri asanafike n'komwe, akuluakulu a m'maunduna amakhala m'chipinda mpaka pakati pa usiku, chikalata chili pa sikirini, akumakangana ndime ndi ndime. Chiganizo chimene sanagwirizane amachitsekera m'mabulaketi, n'kupitirira, n'kudzabwereranso. Amene amapambana m'chipindamo ndi uja anawerenga zimene anagwirizana chaka chatha ndi dzana lake, ndipo akhoza kunena kuti mawu awa tinawavomereza kale ku Gaborone, tsamba lakuti. Atsogoleri akamadzajambulitsa mawa lake, ntchito imakhala itatha kale.

Kazembe ali ngati nkhoswe: sapita kukanena maganizo ake, amakanena za eni mbumba, koma akabwerera ayenera kuuza abale ake zoona zenizeni za zimene wamva kuchimuna, ngakhale zikhale zosakoma. Mbali yachiwiriyi ndi imene imavuta. Mu April 2011 kalata yachinsinsi imene kazembe wa Britain kuno, Fergus Cochrane-Dyet, analembera boma lake inatuluka m'nyuzipepala. M'kalatamo ananena kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wayamba kulamula mwankhanza ndiponso safuna kudzudzulidwa. Boma lathu linamuthamangitsa, Britain nayo inabweza mwa kuthamangitsa woimira Malawi ku London, ndipo mu July chaka chomwecho inaimitsa thandizo lake la ku bajeti. Pangano la ku Vienna la 1961, limene ndi lamulo lalikulu la ukazembe, limalola dziko kuthamangitsa kazembe popanda kupereka chifukwa, choncho palibe lamulo linathyoledwa. Koma taonani bwino nkhaniyi. Munthuyo anachita ntchito imene anatumidwa, yolembera boma lake mmene akuonera zinthu. Cholakwika chinali chakuti kalatayo inatuluka. Ndipo mbali yathu, mtengo wa kukwiya kwa tsiku limodzi tinaulipira m'zipatala ndi m'masitolo kwa miyezi yambiri. Wogwira ntchito ku unduna amafunika kuti akhale ndi mtima wolemba pepala lochenjeza akuluakulu kuti chisankho chakuti chidzatidyera zakuti, kenaka, akakana kumumvera, n'kukachita zimene walamulidwa osapita nazo pa Facebook.

Ndiye pali ntchito imene palibe amaiika pa zithunzi, yothandiza Amalawi amene ali m'mavuto kunja. Ku ofesi yathu ya ku Johannesburg kumabwera munthu wabedwa pasipoti, wina watsekeredwa ku Lindela, malo osungirako alendo opanda zikalata, podikira kubwezedwa kumudzi, ena abwera ndi nkhani ya m'bale wawo amene wamwalira ku Joni, akufuna mapepala oti thupi lidutse pa Beitbridge, pa Nyamapanda, mpaka pa Mwanza. Mu 2008 ndi 2015, pamene alendo ankamenyedwa ku South Africa, anali anthu a m'maofesi amenewa amene ankalemba mayina ndi kukweza anthu m'mabasi. Nkhani ya amayi athu amene anakazunzika pa ntchito za m'nyumba ku Oman nayo inagwera pa madesiki a mtundu womwewu. Ngati mukuona kuti kukhala tsiku lonse ndi mayi wolira amene alibe ngakhale kopi ya chiphaso chake si ntchito ya munthu wa digiri, ukazembe udzakukhumudwitsani.

Tsopano ku mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse. Achinyamata ambiri amene amabwera ndi funso ngati lanuli amadziwa bwino za nkhondo ya ku Ukraine ndi mkangano wa America ndi China, koma ukawafunsa kuti mafuta a galimoto amalowa bwanji m'dziko muno amangoti kakasi. Malawi alibe doko la kunyanja yamchere. Katundu wathu amadzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban. Ndiye kuti ubale umene umakhudza mtengo wa fetereza ndi mzere wa pa filing'i siteshoni ndi wa Maputo ndi Dodoma, osati wa New York. Koma Amalawi olankhula Chipwitikizi bwino, oti n'kuwerenga nyuzipepala ya ku Maputo ndi kumva zimene akuluakulu a Frelimo, chipani cholamula ku Mozambique, akunong'onezana, ndi ochepa zedi poyerekeza ndi kufunika kwake.

Kumbukirani za doko la Nsanje. Mu October 2010 boma linachita mwambo waukulu wotsegulira dokolo, atsogoleri a Zimbabwe ndi Zambia alipo, koma bwato limene linkayembekezeka kufika kudzera mu Zambezi ndi Shire linagwidwa ndi akuluakulu a Mozambique, amene ankati kafukufuku wa momwe ulendowo ungakhudzire mtsinje sanachitike ndipo chilolezo sanapereke. Simenti tinathira, koma madzi ambiri a njirayo ali m'dziko la eni. Mozambique ili ndi madoko ake ndi njanji zake zimene imapezerapo ndalama pa katundu wathu, ndiye funso loyamba linayenera kukhala lakuti iwowo apindulapo chiyani. Limenelo ndi funso la kazembe, osati la injiniya.

Mkangano wathu ndi Tanzania pa nyanja ya Malawi ndi chitsanzo china cha chimene ndikutanthauza ndikati kudziwa nkhani. Aliyense amadziwa kufuula kuti nyanja ndi yathu. Katswiri amadziwa kuti Malawi amatsamira pa pangano la pa 1 July 1890 la Britain ndi Germany, lija amalitcha la Heligoland, limene linaika malire m'gombe la kum'mawa; amatsamiranso pa chigamulo cha OAU, bungwe limene linalowedwa m'malo ndi African Union, cha ku Cairo mu 1964 chakuti mayiko alemekeze malire amene anawapeza polandira ufulu. Amadziwa kuti Tanzania imati malire a pa nyanja yogawana amayenera kudutsa pakati. Amadziwanso chinthu chimene ofuulawo sachitchula, chakuti mu 1954 Britain ndi Portugal anagwirizana kusuntha malire a mbali ya Mozambique kuchoka kugombe kupita pakati pa nyanja, n'chifukwa chake Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba zathu zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mbali zonse ziwiri zikhoza kugwiritsa ntchito mfundo ya 1954 imeneyi: ena anganene kuti ikuonetsa kuti kugawana pakati ndi kotheka, ife tinganene kuti ikuonetsa kuti malire amasuntha pokhapokha pakhale pangano latsopano, ndipo ndi Tanzania pangano lotero kulibe. Mkanganowu utabukanso mu 2012, kutsatira zilolezo zofufuza mafuta pa nyanja, unapita kwa atsogoleri opuma motsogozedwa ndi Joaquim Chissano, Pulezidenti wakale wa Mozambique, ndipo sunathe. Udzabukanso. Tsiku limenelo boma lidzafuna munthu amene anawerenga mapu akale ndi makalata a atsamunda, ndipo amamva Chiswahili. Munthu wotere savuta kumupeza pa mndandanda, chifukwa mndandandawo ndi waufupi.

Za chitetezo cha dziko ndinene mwachidule, poti khomo lake ndi lina. Ambiri amalowera ku usilikali, kudzera ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, kapena ku polisi, ku Immigration, ku National Intelligence Service, ngakhale ku Financial Intelligence Authority kumene amalondola ndalama zokayikitsa. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi maphunziro a zachitetezo amene asilikali, apolisi ndi anthu wamba amachita. Munthu wamba ali ndi malo m'gawoli, makamaka pa kusanthula nkhani, chifukwa zoopsa zenizeni za Malawi si adani obwera ndi akasinja. Ndi njala, namondwe ngati Freddy wa mu March 2023, kusowa kwa ndalama zakunja, kuzembetsa anthu kudzera m'malire athu, ndi moto wa kwa aneba. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya Frelimo ndi Renamo, inatibweretsera othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2015 ndi 2016 ena anadzadza pa Kapise ku Mwanza. Zipolowe za pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique cha October 2024 zinatsekereza magalimoto a mafuta ndi kukankhira anthu ku Nsanje. Zigawenga za ku Cabo Delgado, zimene zinayamba mu 2017, zili m'dziko lomwelo limene njanji yathu ya ku Nacala imadutsa. Ndiye pali asilikali athu ku DRC: mu 2013 analowa m'gulu lapadera la United Nations limodzi ndi South Africa ndi Tanzania, ndipo gulu loukira boma la M23 linagonjetsedwa chaka chomwecho, mu December 2023 SADC inatumiza gulu lina, mzinda wa Goma unagwa m'manja mwa M23 mu January 2025, asilikali athu ena anafera komweko, ndipo gulu la SADC lija linachotsedwa. N'chifukwa chiyani za 2013 zinatheka koma za 2025 zinakanika? Limenelo ndi funso loyenera digiri yachiwiri yathunthu, ndipo ndingakonde litayankhidwa ndi Mmalawi.

Apa tafika pa njira yanu yachiwiri, ya kafukufuku ndi kuphunzitsa. Mukamawerenga mbiri za anthu ngati Henry Kissinger, amene anachoka ku yunivesite ya Harvard kukakhala mlangizi wa Pulezidenti wa America pa zachitetezo mu 1969 kenaka nduna ya zakunja mu 1973, kapena Condoleezza Rice amene anachoka ku Stanford n'kudutsa m'mipando iwiri yomweyo, musaganize kuti ndi mmene zimakhalira kulikonse. America inakhazikitsa National Security Council, bungwe lolangiza Pulezidenti pa zachitetezo, mu 1947, ndipo ili ndi mabungwe ochuluka a kafukufuku ku Washington kumene anthu amakadikirira chipani chawo chikakhala kunja kwa boma. Munthu amalowa m'boma, kutuluka, kukalemba buku, n'kudzalowanso. Mu Africa zoterezi zachitikapo, koma kwa anthu owerengeka. Boutros Boutros-Ghali anali mphunzitsi wa malamulo a pakati pa mayiko ku yunivesite ya Cairo asanalowe m'boma mu 1977, ndipo anadzakhala mlembi wamkulu wa United Nations mu 1992. Ibrahim Gambari wa ku Nigeria anachoka m'kalasi kukakhala nduna ya zakunja mu 1984, kenaka anaimira dziko lake ku United Nations zaka za m'ma 1990. Kwathu kuno khomo lotero ndi lopapatiza. Mukasankha kafukufuku, konzekerani kuti mkate wanu udzachokera pa kuphunzitsa ku yunivesite, kapena ku mabungwe a kunja monga Institute for Security Studies ku Pretoria, SAIIA ku Johannesburg ndi ACCORD ku Durban, ndipo kuti popanda PhD simupita patali. Msampha wake ndi maganyu a mabungwe othandiza: amalipira bwino, koma zaka khumi zimatha mukulemba malipoti a anthu ena, opanda nkhani imodzi imene anthu angati iyi ndi ya uje.

Chonsecho munda ulipo waukulu wosalimidwa. Mbiri ya ubale wa Malawi ndi mayiko ena ndi yodabwitsa kuposa mmene timaiphunzitsira. Dr Banda anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, nduna yaikulu ya dzikolo John Vorster anabwera kuno mu 1970, Banda anapita kumeneko mu 1971, ndipo ngongole ya South Africa inathandiza kumanga likulu la Lilongwe. Koma Malawi yemweyo anali m'gulu la mayiko asanu ndi anayi amene anakhazikitsa SADCC, kholo la SADC, ku Lusaka mu April 1980, bungwe limene cholinga chake chinali kuchepetsa kudalira South Africa. Tinali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966, iwo anatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu, kenaka kumapeto kwa December 2007 tinasamukira ku China, imene inamanga Nyumba ya Malamulo ndi msewu wa Karonga-Chitipa. Mu 2012 msonkhano wa African Union umene unayenera kuchitikira ku Lilongwe unasamutsidwira ku Addis Ababa chifukwa boma la Joyce Banda linakana kulandira Omar al-Bashir, Pulezidenti wa Sudan pa nthawiyo amene ankafunidwa ndi khoti la padziko lonse la ICC, patangotha miyezi yochepa boma la Bingu litamulandira pa msonkhano wa COMESA. Chilichonse mwa izi ndi phunziro la mmene dziko laling'ono, losauka, lopanda doko limasankhira pakati pa ulemu ndi chakudya. Mapepala ena ali ku National Archives ku Zomba, ena kumalo osungira zikalata a boma la Britain ku Kew ku London, ndipo ena mwa anthu amene anali m'zipindamo akadali moyo. Akamapita, akupita nazo.

Pali mtengo wina umene muyenera kuudziwa musanalowe m'boma. David Rubadiri anali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations mu 1964. Chaka chomwecho nduna zinagawanika ndi Dr Banda, ndipo nkhani zakunja, monga ubale ndi Apwitikizi ndi China, zinali zina mwa zimene anasemphanapo. Kanyama Chiume, nduna ya zakunja, anachotsedwa n'kuthawa m'dziko. Rubadiri anatula pansi udindo mu 1965 ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30, akuphunzitsa ku Uganda, Kenya ndi Botswana. Anadzaimiranso Malawi ku United Nations mu 1997. Lero palibe angakuthamangitseni m'dziko, koma tsiku lidzafika loti muimirire pa msonkhano n'kuteteza mfundo imene mumtima simukugwirizana nayo. Wofufuza ali ndi ufulu wonena kuti boma lalakwa. Wa ku unduna alibe, kupatula m'pepala lopita kwa bwana wake. Dzifunseni kuti mwa awiriwa ndinu uti. Onjezaninso za banja: kusamuka zaka zingapo zilizonse kumavuta mwamuna kapena mkazi amene ali ndi ntchito yake, ndipo akazi amene ali m'ntchitoyi amakumana ndi funso limeneli molimba kuposa amuna. Ndi bwino kukambirana ndi bwenzi lanu nthawi ikadalipo.

Pa funso lanu lomaliza, ine ndikuti yambani mwagwira ntchito. Digiri yachiwiri yochita mutangotuluka kumene m'kalasi imangokhala kubwereza yoyamba ija ndi mawu akuluakulu. Komanso maphunziro olipiriridwa ngati Chevening, a boma la Britain, amafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka ziwiri. Lembani kalata ku unduna wa zakunja ntchito zikalengezedwa, koma musadikire khomo limodzi. Unduna wa zamalonda, wa zachuma, MRA pa chipata cha Mwanza kapena Songwe, maofesi a akazembe a mayiko ena ku Lilongwe amene amalemba Amalawi ntchito yosanthula ndale ndi chuma, mabungwe ogwira ntchito ku Dzaleka, ngakhale utolankhani, zonsezi zimaphunzitsa zinthu zimene ukazembe umafuna. Yang'aniraninso mayeso a United Nations a achinyamata, otchedwa YPP, amene amalola osapitirira zaka 32 ndipo amatsegukira mayiko amene ali pa mndandanda wa chaka chimenecho, komanso ntchito za ku SADC ku Gaborone, COMESA ku Lusaka ndi African Union ku Addis Ababa.

Nthawi ya digiri yachiwiri ikakwana, musakatengenso maphunziro a chilichonse-chilichonse. Odziwa kulankhula za ubale wa mayiko mwachisawawa tili nawo okwana. Tikusowa odziwa malamulo a pakati pa mayiko, a malire ndi madzi ogawana. Odziwa malonda mpaka kumalamulo osonyeza kumene katundu wapangidwira, amene ndi mtima wa mgwirizano wa malonda wa mayiko a mu Africa wa AfCFTA. Odziwa kukambirana za ngongole ndi IMF. Odziwa ndalama za kusintha kwa nyengo. Sankhani chimodzi.

Ndipo pakali pano, pamene mukudikira mayankho a makalata anu, yambani Chipwitikizi. Chifalansa n'chofunika ku African Union ndi ku DRC, Chiswahili sichivuta kwa wolankhula Chichewa, koma Chipwitikizi ndi chimene chidzakusiyanitseni ndi anzanu pa intavyu. Sabata iliyonse tengani nkhani imodzi ya ku Mozambique, Tanzania kapena Zambia, muilembe pa tsamba limodzi ngati mukulembera nduna: chachitika n'chiyani, chikutikhudza bwanji, tichitepo chiyani. Mupatse munthu wosakunyengererani kuti aiwerenge, makamaka amene anagwirapo ntchito m'boma. Masamba amene atuluke bwino muwatumize ku nyuzipepala, ndipo muwasunge m'fayelo yoti mudzapite nayo ku intavyu.